Stress ikungokwera pa weld ya nozzle ndikachepetsa mesh

Wa_ku_Luchenza:
Akuluakulu, thandizeni. Ndikuwerengera thanki ya mpweya wa kompuresa pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo. M'mimba mwake ndi mamilimita 1000, khoma ndi lokhuthala mamilimita 10, pulesha ndi 10 bar. Pakhoma FEA (kuwerengera pa kompyuta pogawa chinthu m'tizidutswa totchedwa ma element, tomwe timapanga mesh) ikupereka stress ya 50 MPa, mogwirizana ndi PD/2t (P ndi pulesha, D ndi m'mimba mwa thanki, t ndi kukhuthala kwa khoma). Koma m'mphepete mwa fillet weld (kuwotcherera kwa pangodya) ya nozzle (paipi yolowa m'khoma la thanki), tizidutswa ta mesh tikamachepa nambala ya stress ikungokwera osaima. Ndikhulupirire iti?

Chitakale_Boiler:
Achimwene, pa nambala zimenezo palibe yoona. Mwajambula ngodya yakuthwa, ndipo pamalo otero masamu ake alibe polekezera. Ngati mukufuna kudziwa ngati thanki ipirira pulesha, tsatirani malamulo a matanki a pulesha a ASME VIII Division 2, Part 5. Dutsitsani mzere wa SCL (mzere wogawirapo stress m'magulu) m'khoma kuchokera mkati mpaka kunja, pafupi ndi weld, mupatule membrane (avereji ya stress m'khoma) ndi bending (stress yopinda). Local membrane (membrane ya pafupi ndi nozzle) isapitirire 1.5S, primary (stress yonyamula pulesha) pamodzi ndi secondary (yobwera chifukwa zitsulo zolumikizana zikukanikizana) isapitirire 3S; S ndi stress yololedwa ya chitsulocho. Peak, stress yotsala ya pa ngodya ija, isungireni nkhani ya fatigue (kutopa kwa chitsulo chifukwa cha katundu wobwerezabwereza).

Thuchila77:
Fatigueyo ndiye musayipeputse, chifukwa kompuresa imakhalira kudzaza ndi kupuma tsiku lonse. Njira ya hot spot ya IIW, bungwe la padziko lonse la zowotcherera, siwerenga pa ngodya penipeni. Tengani stress pa 0.4t ndi pa 1.0t kuchokera m'mphepete mwa weld, kwa inu mamilimita 4 ndi 10. Yoyambayo chulukitsani ndi 1.67, yachiwiri ndi 0.67, muchotse yachiwiriyo pa yoyambayo. Fillet yonyamula katundu iyerekezeni ndi FAT 90 (kalasi ya fatigue: kusintha kwa stress kwa 90 MPa kobwerezedwa ka 2 miliyoni).

Ena amakonda notch stress: ngodya ija amaizunguliza ndi radius ya milimita imodzi, FAT 225, ma element a quadratic osaposa mamilimita 0.25. Imadya nthawi, koma ndi yomwe imaona muzu wa weld, kumene hot spot siifika. Ngati weld sinalowe khoma lonse, siyani mpata pakati pa nozzle ndi khoma. Mukamata zonse kukhala chitsulo chimodzi, model ilimba kuposa thanki yeniyeniyo.

Mfiti_ya_NDT:
Mamilimita 10 amenewo mwawapima kapena mwawaona pa drawing? Chinyontho cha kunoku, madzi amadikha pansi pa thanki ngati drain satsegulidwa, dzimbiri n'kumadya mkati. Pimani ndi ultrasonic. Mwendo wa fillet nawo muupime ndi geji, throat yake (kukhuthala kwa weld kuchokera ku muzu) ndi 0.7 ya mwendowo. Komanso kukamwa kwa nozzle muikeko mphamvu yokoka, pulesha kuchulukitsa ndi area ya bowo, apo ayi reaction (mphamvu za pamene model yagwiridwa) sizigwirizana.