Zotsatira pa nkhani ya galimoto yolimba masipuling'i

Mwezi wathawu ndinafunsa mmene ndingafewetsere kayendedwe ka BMW 320i yanga, imene inabwera ndi masipuling'i olimba a M Sport (mtundu wa zida za BMW wopangidwira kuyendetsa mothamanga), popeza msana unkandipweteka galimotoyo ikangoponda kadzenje. Malangizo anu ndinawatsatira, ndipo chimene chathandiza kwambiri ndi matayala. Ndinachotsa a run-flat a 225/40 R18, amene m'mbali mwake ndi molimba kuti aziyendabe ngakhale ataphwa, n'kuikapo matayala wamba a saizi ya 225/45 R17, amene m'mbali mwake ndi motalikirapo ndi mofewa, pa marimu ocheperako. Kukula kwa gudumu lonse sikunasinthe kwenikweni, choncho sipidomita ikuwerengabe bwino. Vuto lake n'lakuti tsopano ndimayenda ndi tayala lapadera m'buti. Mashoko (zida zochepetsa kudumpha kwa masipuling'i) sindinawakhudze, chifukwa makaniko anandichenjeza kuti kuika ofewa pa masipuling'i aafupi ndi olimbawa kumachititsa galimoto kudumphadumpha, motero ziwirizi ndidzasinthira pamodzi ndalama zikapezeka.