Ubuntu ikuchedwa kuyaka pa laputopu ya dual boot, thandizeni

kachipangizo: Akuluakulu thandizeni. Laputopu yanga ili ndi Windows 10 ndi Ubuntu, poyamba zonse zimayenda bhobho koma pano ndikasankha Ubuntu pa GRUB, menyu ija yosankhira Windows kapena Ubuntu, imangoima pa logo paja mpaka munthu kutopa, chonsecho Windows ikuyaka msanga. Ndinadina Esc kuti ndione zomwe zikuchitika kuseri, pakulembedwa "A start job is running for dev-disk-by-uuid" kenako ikuwerenga mpaka 1min 30s. Zayamba nditasintha ma partition kuti Windows ipeze malo ambiri. Kodi disk yayamba kufa?

mzee_sudo: Disk ilibe mlandu achimwene. Partition iliyonse imakhala ndi nambala yake yaitali ija ya UUID, ndiye ngati munafufuta swap (partition yothandizira RAM ikadzaza) nkupanga ina nambalayo inasintha koma mu /etc/fstab, fayilo ya mndandanda wa ma partition oti atsegulidwe poyaka, mwatsala yakale, apa systemd, pulogalamu yomwe imayatsa zinthu mu Ubuntu, ikungodikira chinthu chomwe kulibe mpaka masekondi 90 athe, ndi malire ake amenewo. Tsegulani terminal mulembe sudo blkid, muone UUID ya swap yatsopano, kenako sudo nano /etc/fstab muike yatsopanoyo pomwe pali yakale. Koma chonde yambani mwakopera fayiloyo pena, ndipo mzere wa / (partition yomwe muli Ubuntu yeniyeniyo) musaukhudze, mukalakwitsa pamenepo ikakutayani mu emergency mode mudzatitukwana ife.

Musuzumirenso mu /etc/initramfs-tools/conf.d/resume ngati ilipo, UUID yakale imakonda kubisala mmenemo. Mukaisintha mupange sudo update-initramfs -u.

nachisale_dev: Zoona zimenezo. Ine ndingoonjezerapo za Fast Startup ya Windows, muizimitse. Ikakhala yoyatsa Windows siizima kwenikweni mukadina Shut down, imagona mwa theka nkusiya partition yake ya NTFS ili yokhoma, ndiye ngati munaiika mu fstab Ubuntu imavutika nayo kapena kuitsegula read-only. Ili mu Control Panel, Power Options, pomwe alemba za ma power button paja. Pa mzere wa partition imeneyo muikeponso nofail kuti Ubuntu isaime ikalephera kuitsegula.

pingu265: ingogulani SSD basi man nkhani ithe

mzee_sudo: SSD imathandiza inde koma osati apa, masekondi 90 aja adzawadikirabe ngakhale disk ithamange bwanji. Asawononge ndalama asanakonze fstab.

kachipangizo: Eee inali swap yomweyo, manambala amasiyaniranatu. Pano ikuyaka bwino zikomo kwambiri. Kungoti systemd-analyze blame, yoonetsa nthawi yomwe chilichonse chatenga poyaka, ikuonetsa NetworkManager-wait-online (yodikira netiweki ija) pamwamba penipeni, ndichotse?

nachisale_dev: Musathamangire blame, zambiri zimayakira limodzi ndiye chokhala pamwamba si nthawi zonse chomwe chikukuchedwetsani. Yesani systemd-analyze critical-chain, wait-online ija ikaonekanso mmenemo ndipo mulibe ma drive a pa netiweki ofunika poyaka mutha kuipanga disable. Ngati menyu ya GRUB nayo ikukudikiritsani chepetsani GRUB_TIMEOUT mu /etc/default/grub kenako sudo update-grub, koma osaika 0, muzivutika kulowa mu Windows.