Za sola, jenereta ndi magetsi a ESCOM: ndabwera ndi yankho

Mwezi watha ndinafunsa kuti pa nyumba ya zipinda zitatu kuno ku Blantyre, chotchipa n'chiti pakati pa sola, jenereta ya dizilo ndi magetsi a ESCOM. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndakhala pansi ndi kope langa ndipo ndawerengera.

Pa yuniti imodzi, magetsi a ESCOM ndiwo otsika mtengo, palibe mpikisano. Vuto n'kuzimazima basi. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga siteshoni yopangira magetsi ya Kapichira, mmene tinkakhalira mumdima maola ambirimbiri.

Jenereta ndinaisiya msanga. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa mayuniti pafupifupi atatu, apo ndi pamene jeneretayo ikugwira ntchito bwino, ndiye onjezanipo oyilo, makaniki, phokoso kwa aneba, ndi mizere ya pa filing'i siteshoni mafuta akasowa. Iyayi.

Sola ndiye yandivutitsa mutu. Mapanelo amakhala zaka 20 kapena kupitirira, koma ndalama zenizeni zimathera pa mabatire. A lead-acid (a asidi aja, onga a m'galimoto) mukamawakhetsa kwambiri usiku uliwonse satenga zaka zambiri, pomwe a lithium ndi odula pogula koma amapirira. Achimwene ena anandichenjezanso za chiperoni cha June ndi July, dzuwa likabisala masiku angapo. Zoonadi.

Ndiye ndasankha kaphatikizidwe: sola yaing'ono ya mababu, firiji, wailesi yakanema ndi kutchajira mafoni, batire ya lithium imodzi. Kuphika ndi kusita zikhalabe pa ESCOM, chifukwa hotipuleti ndi ayironi zimakhetsa batire mofulumira kwambiri.