Kodi kugwira ntchito usana ndi usiku ndi kukhulupirika, kapena ndalowerera?

Mlonda wa ku Mufakose:

Abale ndi alongo mwa Ambuye, pali nkhani imene yandisowetsa mtendere. Ndimagwira ntchito yaulonda kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa masiku onse, ndipo ndikaweruka ndimakwera kombi (minibasi) kupita ku Mbare Musika, msika waukulu wa muno mu Harare, kukaoda tomato woti mayi akunyumba agulitse, kotero kuti pamphasa ndimafikapo dzuwa lili paliwombo. Lamulungu lapitali tulo tinandiba m'kati mwa pemphero, mpaka mwana wanga wamng'ono anachita kundigwedeza bondo anthu onse ataimirira kale kuti ayimbe. Ndimadzilimbitsa mtima ndi 2 Atesalonika 3:10, pamene Paulo akunena kuti wosafuna kugwira ntchito asadye, pakuti lendi ikundidikira, fizi ya ana atatu ikundidikira, ndiponso mayi anga okalamba ku Dedza amayang'ana kwa ine. Kodi Mulungu akukondwera nane, kapena ndalowerera?

Mkulu wa mpingo, Highfield:

Bambo, ntchito si temberero, chifukwa pa Genesis 2:15 Mulungu anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusamalira tchimo lisanalowe. Chimene chinadza pambuyo pake ndi minga ndi thukuta. Koma vesi limene mwatchulalo silikunena za inu. Paulo ankadzudzula anthu amene anasiya dala ntchito n'kumadya za anzawo, akulowerera nkhani za eni.

Ine ndikupempheni kuti muwerenge Eksodo 16 mofatsa. Aisraeli ankatola mana okwanira tsiku limodzi, ndipo amene anasungako chifukwa choopa za mawa anapeza muli mphutsi ndi fungo loipa. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ankatola muyeso wa masiku awiri ndipo sunkawola, koma amene anatulukabe tsiku lachisanu ndi chiwiri anabwerera chimanjamanja. Mulungu ankaphunzitsa anthu amene anakulira mu ukapolo woumba njerwa kuti moyo wawo suli m'manja mwawo mokha. Funso loti mudzifunse ndi lakuti, pa maola amene mumagwirawo, ndi angati amene mumagwira chifukwa cha chosowa chenicheni, ndipo ndi angati amene mumagwira chifukwa cha mantha?

Mayi wa ku Epworth:

Akuluakulu, mwalankhula zoona, koma ndikuopa kuti katundu yense tamusenzetsa munthu amene watopa kale. Ine ndagwira ntchito yam'nyumba zaka zambiri kumayadi, ndipo pakhomo pena ndinkadzuka 4 koloko kusita mayunifolomu a ana a eni pamene anga anapita kusukulu osawaona n'komwe. Abwanawo ankapita kutchalitchi Lamulungu lililonse, ine n'kutsala ndikutsuka mbale. Lamulo la Sabata pa Deuteronomo 5:14 likulankhula ndi mwini nyumba, kuti wantchito wake wamwamuna ndi wamkazi apumule monga iye mwini, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro obedwa kwa otchetcha m'munda amafuula mpaka kwa Ambuye. Munthu akamagwira ntchito ziwiri chifukwa imodziyo siikwanitsa kugula ufa wa mwezi, tchimo lalikulu lili kwa wolipirayo. Bambo, dziwaninso kuti lamulo la ntchito la dziko lino la Zimbabwe limapatsa wantchito aliyense maola 24 otsatizana opumula pa mlungu uliwonse, choncho kupempha tsiku limenelo si mwano.

Gogo wa ku Mbare:

Mwananga, bambo anga anabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ku Nyasaland, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya. Chaka chilichonse ankati akakolola ndalama zokwanira abwerera ku Nyasaland, koma anamwalirira konkuno, ndipo kumudzi ankangowatchula kuti mtchona. Sindikuwaweruza, pakuti anatidyetsa. Komabe chimene ndimakumbukira kwambiri si ndalama zawo, koma madzulo owerengeka amene ankakhala pamkeka n'kumatiphunzitsa nyimbo za m'Chichewa, manja awo ali okakala ngati khungwa. Mlaliki 4:6 akuti dzanja limodzi lodzaza pali mpumulo liposa manja awiri odzaza pali kusauka ndi kuthamangitsa mphepo. Mwana amene anakugwedezani bondo uja sadzakhala wamng'ono nthawi yaitali.

Mlonda wa ku Mufakose:

Zikomo nonse, ndipo ndivomere kuti funso la akuluakulu landilasa, chifukwa ulendo wa ku Mbare wa Lamulungu ndinauyamba chaka chimene ndinakhalapo miyezi ingapo wopanda ntchito, ndipo sindinausiye ngakhale zinthu zitasinthako. Takambirana ndi mayi akunyumba kuti Loweruka tizioda tomato wokwanira masiku awiri. Mayi a ku Epworth, chonde ndithandizeni maganizo: nkhani ya tsiku lopumula ndiyambe ndi kapitawo wathu pakamwa, kapena ndilembe kalata pamodzi ndi alonda anzanga atatu kuti ndisaoneke ngati woukira?