Mwana wanga amatseka makutu mvula ikamagwa pa malata, ndithandizeni nzeru

A admin ndibiseni dzina chonde.

Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani ya mwana wanga wamwamuna wa zaka 5. Chaka chatha kuchipatala anatiuza kuti ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu. Amayankhula mawu ochepa, koma zimenezo ndinazolowera, timamvana ndithu. Chimene chikundisowetsa tulo ndi phokoso. Mvula ikayamba kugwa pa malata amatseka makutu ndi manja onse awiri, n'kukalowa kunsi kwa bedi, kukuwa mpaka mawu kusasa. Kuchigayo ndinapita naye kamodzi kokha, anayamba kudzimenyetsa mutu kukhoma. Kutchalitchi akangoyatsa masipika ife tatuluka. Kumumeta ndi mashini ndiye nkhondo.

Koma mwana yemweyo mwezi watha anagunda mbaula ya moto, mwendo unachita matuza, osalira ngakhale pang'ono. Ndinadzaona ine madzulo pomusambitsa, ndinalira ndine.

Apongozi akuti ndi mwano, tikumulera monyengerera. Azakhali ake akuti tipite kwa asing'anga. Makutu tinakapimitsa, anati akumva bwinobwino. Nanga vuto lili pati? Mnzanga wina akuti tikapimitse ubongo ndi makina a EEG, koma ndalama zanga ndi za geni ya mandasi, sindikufuna kuziponya pachabe. Dzinja layandikira, ndipo nyumba yathu ilibe siling'i. Ndichite chiyani?

Ndemanga

Wothandiza ana pachipatala: Mayi, pepani ndi zonsezi. Makutu ake ali bwino monga anakuuzirani. Kusiyana kuli pa mmene ubongo ukulandirira zimene makutu ndi khungu zatumiza. Inu mvula ikayamba mumaimva mphindi zochepa, kenako ubongo wanu umaikankhira kumbuyo, mumapitiriza kuphika ngati palibe kanthu. Ana ambiri a autism ubongo wawo suzolowera msanga choncho. Ofufuza a pa yunivesite ya UCLA ku America anaika ana ndi achinyamata mu makina ojambula ubongo a MRI, akuwamvetsera phokoso ndi kuwakhudza pakhungu ndi kansalu kokanda. Anapeza kuti mwa amene amavutika ndi zimenezi, mbali ya ubongo yotchedwa amygdala, imene imachenjeza za zoopsa, inkagwira ntchito mopyola muyeso ndipo inkachedwa kutsika. Ndiye kwa mwana wanu dontho lililonse pa malata limafika ngati loyamba. Akukuwa chifukwa zikumupweteka. Zoti sanalire atapsa zili m'gulu lomwelo, pena ubongo umalandira mopyola, pena mochepa, mwa mwana yemweyo. Kuyambira 2013 madokotala amaziwerengera m'gulu la zizindikiro za autism. Koma kusalira kusakupusitseni, mwina akumva ululu koma sakudziwa kuuonetsa. Muzimuyang'ana thupi lonse tsiku lililonse, mano ndi mapazi omwe.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga za EEG zija?

Wothandiza ana pachipatala: EEG imapima mphamvu ya magetsi ya mu ubongo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kufufuza khunyu. Singakuuzeni chifukwa chimene akutsekera makutu. Ana a autism amadwala khunyu kawirikawiri kuposa anzawo, ndiye ngati amakomoka, kugwedezeka, kapena kungoti duu maso ali gwa osayankha mukamugwedeza, thamangani naye kwa dokotala, iwo ndi amene anganene za EEG. Ngati zimenezo palibe, sungani ndalama zanu. Mukapita kuchipatala chachikulu funsani ngati kuli occupational therapist, katswiri wothandiza anthu kuchita bwino zinthu za tsiku ndi tsiku, amenewo ndiwo amaphunzira za nkhani imeneyi.

Mayi wa ku Mzuzu: Achemwali, mukunena za wanga ndendende, kungoti wanga ndi mtsikana wa zaka 9. Ife tinathandizidwa ku chipatala cha St John of God konkuno. Za mvulazo, tinagula zotseka m'makutu zimene amavala anthu ogwira ntchito pamakina, za mu hardware. Poyamba ankakana, ndiye ndinkavala ine masana kulibe mvula mpaka anasirira. Pano mitambo ikangoda amakazitenga yekha. Musamamuveke tsiku lonse ayi, pa phokoso lalikulu pokha. Chipinda chake tinakhoma mphasa kunsi kwa malata, zinachepetsako ndithu. Ndipo kunsi kwa bediko musamutulutse, muikireniko bulangete. Wapeza yekha pothawira. Kumeta timameta ndi sizasi ali mtulo.

Bambo wina: Mwana ameneyo akufunika mapemphero amphamvu basi, mupite naye ku usiku wa mapemphero.

Mayi wa ku Mzuzu: Bambo, kupemphera tonse timapemphera, ine mwana wanga ndimamupempherera usiku uliwonse chapansipansi. Koma kukamuika pakati pa masipika ndi ng'oma usiku wonse, anthu akumukuwira m'khutu, ndi kumuwonjezera ululu womwe mayi ake akufuna kumuchotsera.

Mphunzitsi wa pulayimale: Mayi, akamadzayamba sukulu mudzafunse ngati pali mphunzitsi amene anaphunzira ku Montfort ku Nguludi, koleji ya aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, kapena sukulu yokhala ndi resource centre, chipinda chothandiziramo ana otere. Mudzawauze za belu, kuimba kwa m'mawa ndi ana ambiri kuyankhira pamodzi. Kumukhazika pafupi ndi khomo n'kumulola kutuluka pang'ono kumathandiza kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism, ndiye m'makalasi athu odzazawa alimo, ambiri akungotchedwa osamva.

Wofunsa: Mulungu akudalitseni nonse. Ndawawerengera bambo ake zonsezi, akuti Loweruka akagula mphasa. Mayi a ku Mzuzu, inu apongozi anu munawafotokozera bwanji kuti amvetse? Anga akubwera sabata yamawa ndipo ndikuopa kuti akamuona akukuwa adzathyola kamtengo.