Thandizeni: gombe loyenera kupita ndi amayi okalamba ndi ana ndi liti?

Abale anga a pa gulu, ndithandizeni maganizo. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndikufuna kupita ndi amayi anga kunyanja. Iwo anabadwira ku Dedza, akalambira konko, ndipo nyanja amangoimvera kwa ogulitsa usipa. Tidzakhala ndi ana anga awiri, wamkulu wa zaka 10 ndi wamng'ono wa zaka 4, onse osadziwa kusambira. Tidzanyamukira ku Lilongwe pa galimoto yaing'ono ndipo tikufuna kukagona masiku awiri.

Chimene ndikufuna ndi malo a mchenga wosalala, oti amayi atha kulowa m'madzi mpaka m'mawondo popanda kuterereka pamiyala, poti miyendo imawavuta. Phokoso la mabala ndi anthu oledzera ayi, sangakhale nawo. Ndikuopanso likodzo chifukwa cha anawa. Ena akundiuza Senga Bay, ena Cape Maclear, ena akuti ndikapanda kufika ku Chintheche ndiye kuti nyanja sindinaione. Inu amene munapondako, ndipite kuti?

Mayi wa ku Salima:
Achemwali, Senga Bay ndiye pafupi. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka pa boma kufika kunyanja ndi pafupifupi 20. Amayi sangatope. Koma tsiku mwasankhalo ndi lovuta. Pa 15 Okutobala Lilongwe yonse imakhamukira konkuno, maminibasi, malole, masipika, poyala chitenje osapapeza. Ngati mungathe, bwerani pa 16 kapena pa 17. Amayi sadzadandaula kuti tsiku lapitirira, adzakondwa kuti apeza pokhala. Mukakakamira pa 15, lipirani pa loji yomwe ili ndi gombe lake lotchinga.

Achimwene a ku Chintheche:
Amayi, ngati nkhani ndi mchenga ndi bata, musavutike kufunsanso, bwerani kwathu kuno. Kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche gombe ndi lalitali, mchenga wake woyera ngati ufa wa pamphale, ndipo malo ambiri madzi amazama pang'onopang'ono. Munthu umayenda ndithu madzi akadali m'chiuno, ukuona zala zako pansi. Mitengo ikuluikulu imafika mpaka kufupi ndi madzi, choncho agogo akatopa ali ndi mthunzi. Zimenezi musazitenge mopepuka. Mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo mchenga umawotcha mapazi, mwana wa zaka 4 sangayendepo wopanda nsapato.

Ku Kande kuli kachilumba kakang'ono kooneka bwino muli pamtunda. Achinyamata amapitako pa mabwato kukaona nsomba, koma inu ndi ana ingokaonerani patali. Usiku tulukani panja ndi amayi. Asodzi a usipa akayatsa nyali zawo, nyanja yonse imadzaza timagetsi kuchokera uku mpaka uko, ndipo m'bandakucha amabwera nawo pa doko ukadali wonyezimira. Mugule womwewo akuphikireni, mudye ndi kondowole, nsima yathu ya chinangwa. Munthu wa ku Dedza wozolowera ya chimanga poyamba idzamudabwitsa kunanda kwake, koma alawe ndithu.

Vuto ndi limodzi, ndi kutali. Mudzadutsa Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa pa msewu wa M5, ndipo msewuwu malo ena umakhala wokumbika. Funsani madalaivala a mabasi mmene ulili musananyamuke. Nyamukani m'mamawa kuti musayende usiku.

Mnyamata wa ku Chembe:
Achimwene a ku Chintheche anena zoona za mchenga, sindingatsutse. Koma kukongola kwenikweni kuli kwathu ku Cape Maclear, komwe kuli mudzi wa Chembe. Kumeneko muli mkati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Mukwere boti kupita ku chilumba cha Thumbi, mungoviika dzanja m'madzi, tinsomba tobiriwira, tachikasu, tamizeremizere tidzakuzungulirani. Oyendetsa boti amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika kuchokera mumtengo kudzaiwakha. Ana sadzaiwala. Kulinso manda a amishoni a Livingstonia amene anafika kumeneko mu 1875 asanasamukire ku Bandawe. Inuyo msewu wake ndi wakwanu, kudzera ku Dedza, kutsika Khwekhwelere mpaka pa Golomoti, kenako kulowera ku Monkey Bay.

Wofunsa:
Zikomo achimwene. Koma ndamva kuti Otter Point, malo otchuka oonerapo nsomba ku Cape Maclear komweko, ndi pamiyala pokhapokha. Amayi angakwanitse? Nanga gombe la m'mudzi wa Chembe ndi lotani?

Mnyamata wa ku Chembe:
Otter Point ndi matanthwe, ndipo malo ena madzi amazama mwadzidzidzi. Agogo kumeneko asalowe, angokhala pamthunzi n'kumaona. Pamakhalanso ndalama yolowera poti ndi m'paki. Gombe la m'mudzi ndi la mchenga, koma ndi pomwe anthu amachapira, kutsuka mbale ndi kuyanika nsomba. Kuli moyo, koma bata mukufunalo lilipo kumapeto kwa gombe kokha.

Namwino wa ku Mangochi:
Ndiyankhe za likodzo, chifukwa ambiri amanamizana. Palibe angakulonjezeni kuti gombe lakutilakuti mulibe likodzo ngakhale pang'ono. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, ndipo nkhonozo zimakonda madzi odekha, a bango ndi udzu, kufupi ndi midzi pomwe anthu amakodzera m'madzi. Malo a mafunde, kutali ndi mudzi, chiopsezo chimachepa. Ku Chembe nkhaniyi ndi yodziwika. Ofufuza anapeza kuti kuli mtundu wina wa nkhono womwe umakhala pamchenga penipeni, osati m'bango mokha, ndipo unachuluka nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha usodzi. Ndiye amene amati "pamchenga palibe vuto" akulakwitsa.

Izi zisakulepheretseni ulendo. Mankhwala alipo, praziquantel, koma musamwe tsiku lobwerera ayi, sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono. Dikirani papite masabata 6 mpaka 8, mupite kuchipatala nonse amene munalowa m'madzi, akakupimeni n'kukupatsani mlingo woyenera thupi la aliyense. Mwana wa zaka 4 musamugulire nokha mapiritsi, amuone adokotala. Mukaona magazi m'mikodzo musadikire. Ndiponso muzisamba m'mawa, tizilomboti timatuluka kwambiri masana dzuwa likatentha.

Bambo wa ku Nkhotakota:
Ine ndine mwana wa msodzi, ndiwonjezere ziwiri. Choyamba, kulikonse mupite musasambe pafupi ndi pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja kapena pa dambo la bango. Ng'ona ndi mvuu zimakhala mmenemo. Kwathu kuno mathiriro a Bua ndi ku Chia timawalemekeza. Mukafika pamalo, funsani asodzi a pa dokolo, osati mlendo mnzanu, ndipo dzuwa likalowa tulukani m'madzi.

Chachiwiri ndi mphepo. Mwayi wanu ndi woti Okutobala mwera umakhala utatha, umavuta miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Komabe nyanja imatha kudekha m'mawa, masana n'kuwinduka. Musakweze ana m'boti lopanda majekete oyandamitsa, ngakhale mwini boti anene kuti ndi pafupi. Chaka ndi chaka tsiku la anakubala timamva za anthu omira, ambiri ndi achinyamata oti amwa mowa kapena ana oti aliyense amaganiza kuti wina akuwayang'ana. Musankhe munthu mmodzi ntchito yake ikhale kuyang'ana ana basi, foni ili m'chikwama.

Mayi wa ku Mzuzu:
Bwanji palibe akutchula Chikale ku Nkhata Bay? Madzi ake ndi oyera zedi ndipo batala wowotcha amapezeka pompo.

Achimwene a ku Chintheche:
Chikale ndi kokongola, amayi, koma kagombe kake ndi kakang'ono, pa holide kamadzaza, ndipo ku Nkhata Bay nyanja sichedwa kuzama. Kuli bwino kwa odziwa kusambira. Agogo ndi mwana wa zaka 4 ine sindingawatengere kumeneko.

Mayi wa ku Salima:
Chinanso, zithunzi za pa intaneti musazikhulupirire msanga. Mu 2024 madzi a nyanja anakwera kwambiri, magombe ena ku Mangochi ndi kuno ku Salima anamira, ndipo malo ena sanabwerere mmene analili. Muimbire malo mukufuna kukagonawo, akutumizireni chithunzi cha sabata lomwelo pa WhatsApp.

Wofunsa:
Zikomo nonse, mwandithandiza kwabasi. Mtima wanga wapita ku Chintheche chifukwa cha mthunzi ndi madzi osazamawo, koma ndikuopa kuti ulendo wautali uwapweteka amayi msana. Cape Maclear ndidzapita ndi ana okha akadzaphunzira kusambira. Kodi tikhoza kugona ku Nkhotakota tsiku loyamba, n'kupitiriza mawa lake? Kapena ndi masiku awiri okhawa ndingokhazikika pa Senga Bay pa 16?

Bambo wa ku Nkhotakota:
Kugona kuno n'kotheka, achemwali, ndipo kum'mwera kwa boma kuli magombe a mchenga opanda phokoso. Koma mukatero masiku anu awiri athera mumsewu. Ngati kuntchito angakuwonjezereni tsiku limodzi, pitani ku Chintheche mopumira kuno. Ngati sangalole, imani pa Nkhotakota pomwepa osapitirira, amayi alowe m'madzi m'mawa wonse uwiri. Muwatengere nsapato za pulasitiki, chipewa, kampando kopinda ndi neti ya udzudzu, poti si malo onse ogona amene maneti ake ndi osang'ambika.