Kodi "chisoni chinapha nkhwali" ndi mwambi wotiletsa kupulumutsa womira?

Wa ku Fatima:
Akuluakulu, ndithandizeni mwambi uwu. Kuno ku East Bank munthu akamira populumutsa mnzake, pamaliro sipalephera kumveka mawu akuti "chisoni chinapha nkhwali". Ena amawanena akupukusa mutu, ngati kuti malemuyo anachita zopusa. Koma munthu yemweyo akanatuluka wamoyo tikanamutcha ngwazi, mwinanso akanavekedwa mendulo. Ndiye makolo ankatanthauza chiyani, kuti womira tizingomuonerera? Komanso bwanji akuti chisoni, osati chifundo? Nkhwaliyo inali itaferedwa?

Mphunzitsi wopuma, Ngabu:
Mwanawe, yamba ndi liwulo. Masiku ano tikamva chisoni timaganiza za maliro, koma kale liwuli linkanyamulanso tanthauzo la kukhudzidwa ndi tsoka la mnzako. Likadalipo m'mawu akuti "ndimvereni chisoni", ndipo wonena choncho sakupempha kuti mulire, akupempha kuti mumuthandize. Nkhwali sinaferedwe, inamvera chisoni.

Nthano yake ndi iyi. Tchire linkapsa, njoka itazingidwa ndi moto inapempha nkhwali kuti iiulutse. Nkhwali inalola, njoka inadzikulunga m'khosi mwake, nauluka kudutsa motowo. Atatera pabwino njoka inakana kutsika, inathina khosi lija mpaka nkhwali kufa. Pali mwambi wina woyenda nawo limodzi, "chifundo chinapha msemamitondo". Yonse iwiri ikunena za kuthandiza chinthu chimene pambuyo pake chikutembenukira.

Makolo omwewo ndi amene anati "mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako". Sakanatiuza kuti tizime ndevu za mnzathu kwinaku akutiuza kuti timusiye amire.

Msodzi wa ku Dambo, Nchalo:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma onani pamene njokayo inagwira. M'khosi. Aliyense wodziwa madzi a Shire akamva nthanoyi amaona munthu womira. Womira sakuwa ndipo sakweza manja ngati mmene ana amaseweretsera, amangoti mutu tumphu, mbwi, pakamwa pali pamlingo wa madzi, ndipo wamkulu amalimbana choncho osapitirira mphindi imodzi. Mukamufika kumaso saona m'bale kapena mlamu, amaona chitsa chokwerapo. Amakukolekani m'khosi, miyendo nkukupanani m'chiuno, nonse awiri pansi. Mwana wa zaka 12 amatha kumiza bambo wodziwa kusambira.

Nchifukwa chake kulowa m'madzi ndi chinthu chomalizira. Ngati ali pafupi ndi gombe, gonani chafufumimba kuti angakukokereni, mumupatse nsungwi, nkhafi kapena chitenje chopota. Musamupatse dzanja mutaimirira. Ngati ali patali, ponyani choyandama. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotseka bwino pakamwa, chimanyamula pafupifupi makilogalamu 20, pamene womirayo akungofuna kuti mutu ukhale pamwamba, ndipo mutu wa munthu wamkulu ndi makilogalamu 5 okha. Vuto la chigubu chopanda kanthu nkuti mphepo imachiulutsa, choncho thiranimo madzi okwana kapu ziwiri kapena zitatu kuti chiponyeke. Mangani kuchigwiriro chingwe cha pulasitiki chabuluu chija chomangira katundu, chotalika mamita 15 mpaka 20. Chimenecho chimayandama, pamene cha khonje chikanyowa chimalemera nkumira.

Mai a ku Bangula:
Pepani achimwene a ku Nchalo, apa mukuukoka mwambi kuti ufike pa bwato lanu. Njoka inapha mwadala, itapulumuka kale. Womira sapha mwadala, ndi mantha. Mwambiwu ndi wa munthu wosayamika, monga uja mumamusunga pakhomo madzi atamugwetsera nyumba, chaka chamawa nkukulandani dimba. Kuunena pamaliro a womira ndi kutukwana anthu awiri pakamodzi, wopulumutsayo kumuyesa chitsiru, wopulumutsidwayo kumuyesa njoka.

Mphunzitsi wopuma, Ngabu:
Amai akunena zoona pa tanthauzo lenileni, ndipo pamaliro otero mwambiwu suyenera. Komabe msodziyu sanasokere. Nkhwali sinalakwe pomva chisoni, inalakwa posayang'ana chimene ikunyamula ndi pochilola kugwira malo amene moyo wake uli. Ikanainyamula ndi zikhadabo, bwenzi itangoitaya pansi nkuuluka.

Za ungwazi mwafunsazo, liwu lakuti ngwazi ndi lapachibale ndi kugwaza, kubaya ndi mkondo. Poyamba ngwazi anali wankhondo kapena mlenje wolimba mtima, ndipo ndi ulemu womwewo umene anapatsa Kamuzu Banda. Kutcha ngwazi munthu wopulumutsa moyo, osati wochotsa moyo, ndi katanthauzidwe kamene kakula pambuyo pake.

Msilikali wopuma, Chikwawa boma:
Pa mendulo ndithirepo ndemanga, chifukwa chitsanzo tili nacho cha kwathu konkuno. Bungwe la United Nations lili ndi mendulo yotchedwa Captain Mbaye Diagne Medal for Exceptional Courage, imene inakhazikitsidwa mu 2014. Dzinalo ndi la msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994, iye nkuphedwa komweko pa 31 May chaka chomwecho. Pa 24 May 2019 mendulo imeneyi inaperekedwa kwa Private Chancy Chitete wa Malawi Defence Force. Mu November 2018, pankhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi Beni ku DR Congo, Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala zipolopolo zikudutsa. Anapita kukamukokera pobisika nkuyamba kumupatsa chithandizo choyamba, ndipo anaomberedwa ali pantchito imeneyo. Omary anapulumuka. Chitete anamwalira, ndipo mendulo anakalandira ndi a banja lake ku New York, m'manja mwa António Guterres, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo.

Onani kuti Diagne ndi Chitete onse awiri sanaione mendulo ndi maso awo. Koma palibe msilikali anganene kuti chisoni chinapha Chitete. Iye anali wophunzitsidwa, ankadziwa kuopsa kwake, ndipo njira ina yomufikira mnzakeyo panalibe. Kusiyana kwake ndi munthu wolumphira mu Ruo wodzaza chingwe chili pakhonde nkomweko. Pophunzitsa chithandizo choyamba lamulo loyamba ndi kuona ngati malowo sakuvulazani inuyo, chifukwa wopulumutsa akagwa, otsala aja ali ndi anthu awiri oti awanyamule.

Wopalasa bwato, Mtayamoyo:
Za chingwe achimwene a ku Nchalo asiya pakati. Madzi oyenda si a padziwe. Musadzimange chingwe m'chiuno, musachikulungenso kudzanja. Chikakungika m'madzi othamanga chimakukanikizirani pansi ndipo mfundo yonyowa yokokedwa simasuka. Thamangirani kumunsi kwa munthuyo, ponyani chingwe chimudutse pamwamba, khalani pansi mapazi mutaponda muzu kapena mwala. Akagwira musakoke molimbana ndi madzi, ingogwirani nji, madziwo amukankhira okha kugombe lanu. Muuzeni agone chagada, chingwe pachifuwa. Akagona chafufumimba madzi amamulowa m'kamwa nkutaya chingwe.

Wokokoloka asayese kuimirira madzi akapitirira m'mawondo. Phazi likalowa m'mizu kapena pakati pa miyala, madzi amamugwetsa chamutu ndipo sadzukanso. Agone chagada, mapazi kutsogolo, apewe mitengo yogwera m'madzi chifukwa madzi amadutsa m'nthambi koma munthu amakanirira.

Bwato losema limagubuduzika msanga. Womira musamufike cham'mbali, akagwira m'mphepete nonse mwatembenuka. Mufikeni chokwera kuchokera kumunsi kuti bwato lisamugunde, mumupatse nkhafi, agwire kumbuyo kwenikweni kwa bwato, mumukoke choncho mpaka posaya. Kumukweza m'kati nkofunika anthu awiri, wina atakhala pansi kutsamira mbali inayo.

Pa madzi osefukira monga a January 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, anthu a ku Makhanga ndi midzi ina ya m'mbali mwa Shire ndi Ruo ankathawira m'mitengo ndi pazulu. Potsitsa anthu otere choopsa si madzi okha, ndi kulumphira onse pakamodzi. Imani patali pang'ono, mugwirizane kaye ndi wamkulu mmodzi, nyakwawa ngati alipo, kuti ndani ayambe. Ana azilandiridwa mmodzimmodzi, aliyense akhale pansi pa bwato. M'mphepete mwa bwato mutsale chikhatho chathunthu pamwamba pa madzi, zikachepera apo bwererani ulendo wina. Ndipo njoka ya mumwambiyo si nthano chabe, nthawi ya madzi njoka zimathawiranso m'mitengo momwemo ndi m'mitolo ya katundu. Gogodani nthambi ndi nkhafi musanakocheze.

Msodzi wa ku Dambo, Nchalo:
Ngati palibiretu chingwe kapena bwato ndipo mumatha kusambira, lowani ndi chigubu, chikhale pakati pa inu ndi iye. Mukankhireni agwire chimenecho. Popanda chigubu muzungulireni kumbuyo. Akakukolekani m'khosi, kokani mpweya, bisani chibwano pachifuwa, mirani dala. Iye akufuna kumwamba, akaona mukupita pansi amakusiyani yekha. Nkhwali inalibe njira imeneyo.

Namwino, Nsanje:
Ambiri amatuluka m'madzi ali ndi mwayi, nkufera pagombe chifukwa cha zimene timawachita. Kumuzondotsa, kumuponda pamimba kapena kumugubuduza kuti madzi atuluke sikuchotsa madzi m'mapapo. Kumangotulutsa za m'mimba, zimene zimabwerera kukhosi nkumutsamwitsa, nthawi nkumatha. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuonongeka.

Mugonekeni chagada pouma, pendeketsani mutu chakumbuyo, kwezani chibwano, yang'anani chifuwa kwa masekondi 10. Ngati sakupuma, kapena akungobefuka patalipatali, tsekani mphuno mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera. Womira amafa ndi kusowa mpweya, nchifukwa chake timayamba ndi kuuzira. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30, kulowa masentimita 5 mpaka 6 kwa wamkulu, liwiro la ka 100 mpaka 120 pamphindi, muuzire kawiri, mubwerezenso. Kwa mwana gwiritsani dzanja limodzi, kwa khanda zala zazikulu ziwiri, manja atazungulira chifuwa. Kusanza kumachitika kawirikawiri, mutembenuzireni cham'mbali, pukutani m'kamwa, pitirizani. Muzisinthana ndi wina pa mphindi 2 zilizonse chifukwa manja akatopa sadinikiza mokwanira.

Akayamba kupuma mugonekeni cham'mbali, muvuleni zonyowa, mufundikeni. Musamupatse mowa. Apite kuchipatala ngakhale akuyenda yekha, makamaka ngati akutsokomola, akupuma mothamanga kapena akusinza, popeza mapapo amatha kuvuta patapita maola angapo, ndipo madzi osefukira amakhala ndi matope ndi zotuluka m'zimbudzi.

Wa ku Fatima:
Zikomo akuluakulu. Nanga ngati womirayo wagwidwa ndi ng'ona, zonsezi zimagwiranso ntchito?

Wopalasa bwato, Mtayamoyo:
Ayi achimwene, pamenepo m'madzi simulowa ngakhale pang'ono. Menyani ng'onayo ndi nkhafi kapena mtengo wautali m'maso ndi pamphuno muli m'bwato kapena pamtunda, ena akuchita phokoso. Ikasiya, mukokereni kutali ndi gombe chifukwa imatha kubwerera, dinikizani bala ndi nsalu yoyera kuti magazi asiye, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale bala likuoneka laling'ono, mano ake amasiya tizilombo toolesa bala.